Mikanda ya M'tsamba la Nyemba

Esnart anali mtsikana wamng'ono. Ankakhala ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Anali mu Sitandade 2. Mano ake akutsogolo anali ataguluka, koma pakamwa pake sipankatopa ndi mafunso.

Esnart ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Adada asekenso.

Adada ake anali a Safeli Kaonga. Kale Adada ankaseka kwambiri. Ankaseka m'mawa. Ankaseka kumunda. Akaseka pakhonde, nkhuku zinkathawira kuseri.

Koma chaka chimenecho nyemba zinadwala. Masamba anachita madontho ofiira ngati dzimbiri. Kenaka anasanduka achikasu. Kenaka anayamba kuyoyoka. Anthu ankati ndi chiwawu.

Adada ankapita kumunda m'mawa. Ankabwerako madzulo. Ankakhala pakhonde, dzanja lili patsaya. Osaseka. Osaimba ndi mluzu womwe.

"M'munda muja mulibenso chabwino," Adada ankatero. "Chaka chino tidya chiyani?"

Amama kunalibe. Lole inabwera kudzatenga amayi a m'mudzimo. Anapita ku boma kukakonzekera magule a chipani. Masiku amenewo, lole ikabwera, munthu sankakana. Amama anabereka khanda lawo, Petros, n'kukwera.

Tsono Esnart anayesa yekha. Anayenda ngati bakha. Adada sanaseke. Anavala chipewa cha Adada mpaka chinatseka mphuno. Adada sanaseke. Anaimba nyimbo ya kusukulu, mano a kutsogolo palibe. Adada sanaseke.

"Yewo, mwana wane," anangothokoza Adada m'Chitumbuka, n'kumusisita pamutu.

Esnart anamva chisoni. Nyumba yopanda kuseka imazizira.

Tsiku lina kusukulu kunabwera mlendo. Anabwera pa njinga, bokosi lathabwa lili pa kaliyala. Dzina lawo linali Mayi Makwinja. Kwawo kunali kutali, ku Mulanje. Ntchito yawo inali yofufuza matenda a mbewu.

Mayi Makwinja ankayenda munda ndi munda. Ankathyola tsamba apa, tsamba apo. Tsopano anabwereka tebulo la aphunzitsi. Analiika panja, padzuwa. Anatsegula bokosi lija.

M'bokosimo munatuluka makina akuda. Anali ndi khosi lopindika. Pamwamba panali posuzumira. Pansi panali kagalasi kozungulira.

Ana onse anaima patali. Anyamata aja odzitama anaima patali koposa. Esnart yekha anasendera pafupi.

"Monile, Amama," anatero Esnart.

"Yewo, mwanawe," anayankha Mayi Makwinja. Chitumbuka chawo chinali chopindika pang'ono, koma anayesetsa.

"Makina awa ndi a chiyani?"

"Dzina lake ndi maikulosikopu. Amakulitsa tinthu tating'ono. Tinthu timene diso lako silingaone."

"Amadya mabatire ngati wailesi?"

"Ayi. Awa amafuna dzuwa basi. Kagalasi aka kamatunga dzuwa. Tabwera udzaone."

Esnart anakwera pa njerwa. Anatsinzina diso limodzi. Anasuzumira ndi linalo.

"Ndikuona mdima," anatero.

"Dikira pang'ono."

Mayi Makwinja anatembenuza kagalasi kaja. Anakatembenuza pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi mdima unachoka.

Esnart anaona kuwala kozungulira ngati mwezi. M'kuwalamo munali mikanda. Mikanda yambirimbiri. Ina inali yachikasu. Ina inali yofiirira ngati uchi. Uliwonse unali ndi timinga ting'onoting'ono m'mbali monse. Ina inali yokhayokha. Ina inali itaunjikana pamodzi ngati anapiye.

Esnart anayang'anitsitsa. Anali asanaonepo chinthu chokongola chotero. Ngakhale mikanda ya mkwatibwi sinkafika pamenepo.

"Ndi yokongola, eti?" anafunsa Mayi Makwinja. "Ine ndaiona kambirimbiri, koma sindikhuta nayo."

Patebulopo panali mapepala. Mayi Makwinja ankajambula zonse zimene ankaona m'makinamo. Ankajambula ndi mapensulo amitundumitundu. Esnart anayang'ana papepala. Anayang'ananso m'makina. Zinali zofanana ndithu.

"Mikanda imeneyi mwaitenga kuti?" anafunsa Esnart.

"Pa tsamba la nyemba. M'munda wa a Kaonga, kutsidya kwa mtsinje."

Maso a Esnart anakula. "A Kaonga ndi Adada."

Nthawi yomweyo belu linalira. Ngwe, ngwe, ngwe. Aphunzitsi sankakonda ana ochedwa. Esnart anadumpha pa njerwa paja. Mayi Makwinja anafuna kunenanso mawu ena. Koma Esnart anali atathamanga kale.

M'kalasi Esnart sanamve kanthu. Aphunzitsi ankanena za samu. Esnart ankaganiza za mikanda.

Adada amati m'munda mulibe chabwino. Koma m'munda muli mikanda. Adada sakudziwa. Akadziwa, aseka.

Koma awaonetsa bwanji? Makinawo sanali ake.

Pobwerera kunyumba, Esnart anayang'ana makoma a m'mudzi. Mvula inali itatha. Inali nyengo yozira nyumba. Amayi ndi atsikana ankajambula makoma ndi dothi lamitundumitundu. Apa maluwa. Apo nyenyezi. Apo mizere yokhotakhota.

Khoma la kwawo lokha linalibe kanthu. Amama anachoka asanajambule.

Esnart anaima. Anayang'ana khomalo. Kenaka anamwetulira, mpata wa mano uli poyera.

Loweruka Adada anapita kumunda. Esnart anakaitana mnzake Dinah. Anatenga kakhasu ndi mbale zakale. Anatsetsereka kumtsinje.

Anakumba dothi lofiira. Anakumba dothi lachikasu m'mphepete mwa madzi. Kunyumba anatapa phulusa. Anasinjanso makala.

"Ujambula maluwa?" anafunsa Dinah.

"Yayi."

"Ujambula nyenyezi?"

"Yayi."

"Nanga ujambula vichi?"

"Uona," anatero Esnart.

Esnart ananyika kansanza m'phulusa lamadzi. Anajambula mwezi waukulu woyera. M'mwezimo anajambula mkanda wachikasu. Anajambula wina. Anajambulanso wina.

Timinga tinavuta. Kansanza kanali kakakulu. Chala nachonso chinali chachikulu. Dinah anakatola nthenga kukhola la nkhuku. Nthenga inagwira ntchito bwino.

Kaminga, kaminga, kaminga. Esnart sanafulumire. Dothi linali m'manja. Dothi linali pa diresi. Dothi linali ndi pamphuno pomwe.

Dinah anapendeketsa mutu. "Sindikudziwa kuti ndi vichi," anatero. "Kweni ndi zokongola."

Kenaka amayi ake anamuitana, ndipo Dinah anapita.

Dzuwa litapendeka, Adada anabwera. Khasu linali paphewa. Mutu unali wowerama. Atafika pabwalo, anaima.

"Nchivichi ichi, mwana wane?"

Esnart anagwada, monga amachitira polankhula ndi Adada.

"Ndi za m'munda mwanu, Adada. Inu mumati mulibe chabwino. Koma muli mikanda iyi. Ndaiona ndi diso langa."

"M'munda mwanga?"

"Enya. Pa tsamba la nyemba."

Adada anakanda m'mutu. Sanamvetse.

Ngiri, ngiri. Belu la njinga linalira panjira. Anali Mayi Makwinja, bokosi lawo lili pa kaliyala. Anabwera kudzauza Adada zimene anapeza m'munda.

"Odi kuno."

"Odini, Amama," anayankha Adada.

Mayi Makwinja anatsamiritsa njinga pamtengo. Anapereka moni. Kenaka anaona khoma lija. Anagwira pakamwa.

"Wajambula ndani?"

"Ndine," anatero Esnart.

"Wajambula bwino kwambiri. Ndi timinga tomwe sunaiwale."

Kenaka Mayi Makwinja anayang'ana Esnart. Sanafune kunama. Ananjuta pafupi ndi Esnart. Analankhula motsitsa.

"Esnart, tsiku lija unathamanga ndisanamalize. Mikanda imeneyi si yabwino. Ndi mbewu za chiwawu. Imauluka ndi mphepo. Ikatera pa tsamba, tsamba limadwala. Ndi imene ikupha nyemba za bambo ako."

Esnart anatembenuka. Anayang'ana khoma. Anayang'ana Adada.

Iye ankafuna kusangalatsa Adada. Koma anali atajambula mdani wawo. Anamujambula wamkulu. Anamujambula kutsogolo kwa nyumba, poona aliyense.

Manyazi anamugwira. Misozi inatsika, n'kusakanikirana ndi dothi la pamphuno. Anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi ndowa ya madzi ndi chisanza.

"Pepani, Adada. Sindimadziwa. Ndifufuta zonse."

Anakweza chisanza chija. Koma Adada anamugwira dzanja. Dzanja la Adada linali lokhakhala, koma lofunda.

"Lindira dankha," anatero Adada.

Adada anaika khasu pansi. Anasendera kukhoma. Anayang'ana mkanda woyamba. Anayang'ana wachiwiri. Anayang'anitsitsa timinga tija.

"Amama, mukuti wakuba uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo, bambo."

"Wondidyera nyemba uja?"

"Yemweyo."

Adada anapukusa mutu. "Ine ndimayesa ndi chinthu chonyansa. Chamano, chamaso ofiira. Kani watchena chonchi, ngati akupita ku ukwati?"

Milomo ya Adada inayamba kugwedera. Mapewa nawonso anagwedera. Kenaka kuseka kunatuluka. Kunatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chakhalitsa chotseka. Koma kunali kuseka ndithu.

Esnart anaima kukamwa yasa. Misozi inali isanaume.

"Usafufute, mwana wane," anatero Adada. "Musiye akhale pakhoma. Pakhoma sangadye nyemba zanga."

Esnart anaika chisanza pansi.

Koma kusekako sikunakhalitse. Adada anayang'ana kutsidya, kumunda kuja. Anausa moyo.

"Kukongola wakongola," anatero. "Kweni nyemba zapita."

"Sizinapite zonse," anatero Mayi Makwinja. "Dzuwa likadalipo. Ndibwerekeni mpando."

Esnart anabweretsa mpando. Mayi Makwinja anatulutsa makina aja. Anatulutsanso tsamba lobiriwira. Anasenda kakhungu kake kopyapyala. Anakaika pa kagalasi kena, n'kudonthezapo madzi.

"Tsamba ili ndalithyola kumunsi kwa munda wanu," anatero. "Kumene kuli tinyemba tating'ono tamawangamawanga."

"Ndi tinyemba ta nyina wa Esnart," anatero Adada, kunena Amama. "Anabwera nato kuchokera kwawo. Ine ndimawaseka nato."

"Taonani kaye."

Adada anagwada pansi. Anasuzumira.

"Ndikuona mdima," anatero.

"Tsinzinani diso limodzi, Adada," anatero Esnart.

Adada anatsinzina maso onse awiri.

"Limodzi lokha, Adada."

Adada anayesanso. Anakwinya mphuno. Anapotoza pakamwa. Maso anatsekekabe onse awiri. Munthu wodziwa kuzula chitsa, koma diso limodzi linamukanika.

Esnart anabwera kumbuyo kwawo. Anaphimba diso lamanzere la Adada ndi kadzanja kake kadothi.

"Tsopano onani."

Adada anasuzumiranso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mukuona chiyani, Adada?"

"Ndikuona timinda," anatero Adada chapansipansi. "Timinda tobiriwira, ta malire okhotakhota. Ndipo pakati pali timilomo."

"Timilomo?"

"Enya. Timilomo tating'ono. Tina tayasama."

"Tsamba limapumira m'timilomo timeneto," anatero Mayi Makwinja. "Mkanda wa chiwawu mukuuonapo?"

Adada anafufuza. "Yayi. Palibe."

"Nyemba zimenezi chiwawu sichikuzigwira kwenikweni. Zili moyo. Mudyako chaka chino. Koma musadye zonse. Musunge mbewu, mudzabzale munda wonse."

Adada anadzutsa mutu. Kuzungulira diso lawo kunali chidindo cha dzanja la Esnart. Mayi Makwinja anayang'ana kumbali, kubisa kuseka.

Kenaka Esnart naye anasuzumira. Anaona timinda tija. Anaona timilomo tija. Anaonanso titsitsi topindika ngati mbedza. Zonsezi zinali m'tsamba limodzi. Tsamba wamba, longa limene mbuzi imadya osayang'ana.

"Yewo chomene, Amama," anatero Adada.

"Yewo," anatero Mayi Makwinja. Anatenga pepala ndi pensulo. Anajambula khoma la Esnart, kuti akaonetse anzawo a kuntchito. Kenaka anakwera njinga yawo.

Lolemba Esnart atachoka kusukulu, anapeza Adada pabwalo. Anali atakumba kale dothi. Anali atasinja masamba, kuti apeze mtundu wobiriwira.

"Khoma ili lili ndi mbali ziwiri," anatero Adada. "Uku kwa chitseko kuli wakuba. Uku tijambule timilomo."

"Tijambule? Inunso, Adada?"

"Inenso."

Esnart anadabwa. Kujambula khoma inali ntchito ya amayi. Bambo sankagwira kansanza. Koma Adada anapinda manja a malaya. Ananyika kansanza m'mbale.

Kamlomo koyamba ka Adada kanaoneka ngati nsomba. Kachiwiri kanaoneka ngati nsapato.

"Osati choncho, Adada. Taonani."

Esnart anagwira dzanja la Adada. Analiyendetsa pang'onopang'ono. Kamlomo kachitatu kanatuluka bwino.

Panjira panadutsa a Lucius, anansi awo. Anaima. Anatsamira ndodo yawo.

"A Kaonga, mwayamba ntchito ya amama?"

"Enya," anatero Adada. "Kapitawo wanga ndi uyu. Ngwaukali. Musandichedwetse."

A Lucius anapita akupukusa mutu. Koma anacheuka kawiri, kuyang'ana khoma.

Pamwamba Esnart sankafikira. Adada anamukweza pamapewa. Esnart ankajambula. Dothi linkadontha. Linkadonthera pamutu pa Adada. Tho. Tho. Tho.

"Mvula yabweranso," anatero Adada.

Kutali kunamveka lole. Inaima kumsewu. Amayi a m'mudzi anatsika ndi mitolo yawo. Anali otopa, fumbi lili mbuu.

Amama anabwera ndi njira ya kunyumba. Petros anali kumsana. Mtolo unali pamutu. Amama anayang'ana khoma lokongola lija, n'kupitirira. Anayesa ndi nyumba ya eni.

Anayenda pang'ono. Anaima. Anabwerera.

"Odi," anatero Amama. Mawu anali atasasa ndi kuimba. "Kodi pano ndi pa a Kaonga?"

"Odini," anayankha Adada, dothi lili mpaka m'makutu. "A Kaonga achokapo. Pano pali wojambula ndi wantchito wake."

Esnart anatsika msanga. Anathamanga. Anakumbatira miyendo ya Amama. Chitenje cha Amama chinadetsedwa, koma Amama sanadandaule.

"Mwana wane," anatero Amama. "Ndinakusowa."

Esnart anawakoka dzanja. "Taonani, Amama. Uyu ndi wakuba wa nyemba. Adada akuti akhale pakhoma. Ndipo iti ndi timilomo ta nyemba zanu. Nyemba zanu sizinadwale. Tidzabzala munda wonse."

Amama anatula mtolo. Anayang'ana Adada.

"Nyemba zanga ziti? Zija mumati ndi za mbewa?"

Adada anayang'ana kumwamba. Anayang'ana pansi. Anakanda m'khosi.

"Ine ndinatero?"

"Munatero."

"Ndiye kuti mbewa ndi zanzeru," anatero Adada.

Amama anaseka ndi mawu awo osasa. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsitsa Petros kumsana. Pafupi ndi chitseko panali malo opanda kanthu. Amama ananyika kadzanja ka Petros m'dothi lachikasu. Anakadinda pakhoma.

Petros anayang'ana dzanja lake. Anaganiza pang'ono. Kenaka analidinda pa tsaya la Adada. Pha.

Adada anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi inatuluka. Ulendo uno kusekako sikunathe msanga.

Esnart anakhala pamiyendo ya Adada. Anatsamiritsa khutu pachifuwa pawo. Kuseka kunkamveka m'kati, gu, gu, gu.

Esnart anasangalala kwambiri. Anatseka maso onse awiri, n'kumvetsera.